Womanga Mfundo

Ine sindinagwirepo mfuti.
Ntchito yanga inali luzi,
kulipota pantchafu mpaka cheya chinatha,
kenako kumanga mfundo.

Chaka chimene anyamata a gogodera
anagona pampata wa Domasi miyezi isanu
osalandira ngakhale mkono wa nsalu,
akuluakulu a m'linga anandiitana.
Anati: minyanga yathu ili m'njira ya ku Kilimane,
ikabwera ndi merikani ndi wonga tidzabweza.
Lero pita ukabwereke kwa anthu.
Usakalande. Ukabwereke.
Liwu limenelo analiponda katatu
ngati munthu woyesa ulalo wa nsungwi.

Ndinatsika ndi Likangala.
Malunga wosula anapereka makasu asanu ndi limodzi
nati mfundo zake ndimange zothina,
poti inu a kuphiri mumaiwala ndi manja omwe.
Kwa Nasiwelo, mitanga iwiri ya mapira.
Kwa asodzi a ku Chisi, matemba ouma
amene fungo lake linanditsata mpaka kutulo.
Wina anabisa mbuzi m'bango
ndipo inalira ndili pomwepo.
Tonse awiri tinayang'ana kumwamba
ngati yalira ndi mbalame.

Ku Kachulu ndinapeza Abiti Kalinde
akuphika mchere, maso ali psuu ndi utsi.
Sanafunse tsiku lobweza.
Anafunsa: Kaliwo wanga akudya?
Ndinati akudya.
Chonsecho dzana lake ndinali nditamuona
akuwotcha chikumba cha ng'oma yong'ambika,
atasinthitsa zipolopolo zitatu
ndi chinangwa chimodzi chowawa.
Mayiyo anawerenga mitolo isanu ndi inayi.
Wachikhumi anaugwira kaye pachifuwa:
uwu usamangire mfundo,
si ngongole, ngwa mwana.
Ndinamanga ndithu.
Dzanja linali litazolowera.

Katundu wokwera phiri amaonda.
Amtengatenga anatapako,
mlonda wa pachipata anatapako,
wina anasandutsa makasu awiri mtsuko wa mowa.
Pofika pampata, mchere wa ku Chilwa
unangokwana kunyambita chala.

Mvula itagwa ulendo wa ku Kilimane unabwera:
anthu asanu ndi awiri, mabelo anayi, ndi nthomba.
Mabelo analowa m'linga usiku.
Nthomba inagawidwa kwa aliyense.

Ndiye anyamata anatsika okha.
Anatsata njira yanga yomwe ija,
khomo ndi khomo,
ngati ndinapita kukawalambulira.
Iwo sananyamule luzi.
Mbuzi ya m'bango ija anaipeza.
Amati ku Kachulu Kaliwo anaima pakhomo pa amake,
mfuti chopingasa, nkhope kumbali,
kuti anzake adutse.
Anadutsa. Iye anawatsatira.
Kuchokera apo palibe anamuonanso,
kaya ku Chikala, kaya kutsidya kwa nyanja.

Linga linapsa kalekale.
Amene anati tidzabweza ali pansi pa mikuyu.
Zingwe zili ndi ine, kudenga,
zakuda bii ndi mwaye.
Amati mlandu suwola,
koma luzi limawola, makoswe salilemekeza,
choncho chilimwe chilichonse ndimapota latsopano
n'kusamutsa mfundo imodziimodzi,
maso atafa, zala zikuwerenga:
Malunga, Nasiwelo, a ku Chisi.
Adzukulu a Malunga amandiseka.
Sadziwa kuti ndi olemera makasu asanu ndi limodzi.

Abiti Kalinde amabwera dzuwa likapsa,
masiku awiri panjira, ndi ndodo.
Za mitolo isanu ndi inayi satchula.
Amapapasa chingwe chake mpaka kumapeto
n'kuima pa yachikhumi.
Ndinati usamange, amatero.
Wamuika mwana wanga pangongole,
abwera bwanji?
Masula.

Ndimayesa ndi zikhadabo.
Ndimayesa ndi mano awiri otsalawa.
Iye amakhala chete pamphasa, kudikira,
kunja Mulunguzi akungodziyendera,
ndipo ndimamva mchere palilime,
sindidziwa ngati ngwa m'manja mwake
kapena ngwa thukuta langa.